Tinkakangana Titatsinzina

Kunyumba kwathu sikunkamveka phokoso. Mukanafunsa aneba akanakuuzani kuti banja la a Firiji ndi lachitsanzo: mbale siziuluka, zitseko sizimenyetsedwa, ndipo Lamulungu awiriwo amatsogozana kupita kutchalitchi atavala zofanana. Chimene anebawo sankadziwa n'chakuti ife tinkakangana m'mawa uliwonse, titagwada pambali pa bedi, titagwirana manja, titatsinzina.

Amuna anga amakonza mafiriji, n'chifukwa chake aliyense amangowatcha a Firiji, ngakhale abusa akaiwala amatero. Ndi mkulu wa mpingo, ndiye pemphero la m'mawa ankaliyamba ndi iwo.

"Atate wathu wakumwamba," anayamba choncho tsiku lina, mawu ali ofatsa ngati akudalitsa chakudya, "tikuthokozeni potidzutsa amoyo. Tikupempha kuti mutipatse mtima wosunga nthawi, makamaka ena mwa ife amene amayamba kusaka nsapato galimoto italira kale."

Ena mwa ife! M'chipindamo tinalimo anthu awiri basi.

Ndinadikira kuti amalize, kenaka ndinalandira. "Ambuye wachifundo, inu amene mumaona zobisika, mwaonanso thaulo lonyowa limene lili pabedi pano. Khudzani mtima wa mwini wake. Ndipo mukumbutse ana anu kuti mkazi akakonzetsa tsitsi, lilime silithyoka ponena kuti wakongola."

"Ameni," anatero amuna anga. Anadzuka, anachotsa thaulo lija n'kuliyanika bwinobwino pachitseko. Za tsitsi sananene kanthu. Mwina kumwamba uthengawo unangofika theka.

Sekani ndithu, nanenso poyamba ndinkaseka. Koma zinafika poti mawu aliwonse olemera m'nyumba mwathu ankayamba adutsa kumwamba. Otsala pansi pano anali akuti makiyi ali kuti, ana adya kodi, mwatseka kukhomo.

Chonsecho ndife anthu amene tinadziwana maso ali otsegula. Kuyambira ndili mtsikana ndili ndi matenda olephera kutsinzina pemphero likatalika. Tsiku lina pamsonkhano wa achinyamata, wopemphera atalikoka mpaka maondo kuchita dzanzi, ndinatsegula diso limodzi. Kumbali ya anyamata kunalinso diso limodzi lotsegula, ndipo linali pa ine. Potuluka, mwini disoyo ananditsatira.

"Iwe Kasuzumire, ndikakuneneza kwa abusa."

"Pita," ndinamuyankha. "Ukawauzenso kuti unandiona bwanji."

Dzina la Kasuzumire linandikanirira pachibwenzi chonse mpaka zaka zoyambirira za banja. Masiku ano ndine "Mayi", iwo ndi "Bambo". Matenda anga aja sanathe, ndimasuzumirabe, koma ndinkangopeza zikope zawo zitafinyidwa ngati mwana amene akuopa sopo. Ndikuuzeni zoona, pemphero la m'mawa ndi nthawi yokhayo imene ndinkatha kuyang'anitsitsa nkhope ya mwamuna wanga popanda kufunsidwa kuti kwagwanji. Ndinkaona imvi zikuyamba m'mbali mwa makutu, ndinkaona kachipsera ka pachibwano, ndipo ndinkamusowa munthu amene ndamugwira dzanja. Zinkandipweteka kwambiri.

* * *

Sabata imeneyo, pamsonkhano wa amayi a mpingo, amayi abusa anafunsa monga mwa nthawi zonse: "Alipo amene ali ndi chopempha? Masukani, zonenedwa muno zimathera muno."

Wina anatchula mayeso a mwana wake, wina miyendo yotupa. Ine sindinabwere ndi cholinga choyankhula, ndinangomva pakamwa panga patatseguka.

"Mundipempherereko banja langa. Palibe choipa chimene chachitika. Amuna anga ndi munthu wabwino, samwa, samenya, sagona kunja. Kungoti tazirala. Tikukhala ngati munthu ndi mlongo wake."

Amayi anayang'anizana. Kenaka kunamveka "mmm" uja wa amayi, amene sudziwa ngati ndi wachisoni kapena wa munthu amene watola nkhani yokafotokoza kunyumba.

Pampando wakutsogolo panali Sopulano, mlembi wa gulu lathu, foni ili m'manja. Amamutcha choncho chifukwa ndiye amatsogolera mawu oyamba m'kwaya, ndipo akakweza nyimbo ngakhale ogona kumbuyo amadzidzimuka. Ndi mayi wamasiye, wokongola ndithu, sindingamunamizire, ndipo amayendetsa galimoto yakeyake. Pali chinanso chimene mpingo wonse umadziwa koma sunena: apongozi anga, amayi awo a amuna anga, ankafuna kuti mwana wawo akwatire iyeyo. Paukwati wathu anaimba ndi Sopulano yemweyo, ndipo apongozi analira nyimbo yonse. Mpaka lero sindidziwa kuti ankalirira chiyani.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero Sopulano dzanja lili pachifuwa. "Ndingoika pagulu lathu la pafoni kuti amene sanabwere athandize nawo kupemphera. Dzina sindilemba."

Dzina sanalembedi. Analemba kuti: "Tiyeni tigwade chifukwa cha mnzathu wina, mkazi wa mkulu wa mpingo. Kunja bambo amaziziritsa zinthu za anthu, tsopano m'nyumba namonso mwazizira."

Akulu a mpingo tili nawo angapo. Wokonza mafiriji ndi mmodzi yekha.

* * *

Walira mvula walira matope. Ndisanafike n'komwe kunyumba, foni inayamba kunjenjemera m'chikwama.

"Limbani mtima mayi, amuna ndi ana."

"Mwayesapo kusala kudya?"

"Musamubisire Mulungu, tchulani dzina la mkazi winayo timugwetse."

Mayi wina wachikulire, amene ndimamulemekeza kwambiri, ananditumizira chithunzi cha chovala chogonera chimene sindingathe kuchifotokoza pano, n'kulemba pansi pake kuti chikhulupiriro chimafuna ntchito.

M'mawa mwake anaimba foni achemwali anga aakulu, amene amakhala kutali ndipo amapemphera mpingo wina.

"Iwe, ndikumva kuti alamu apeza mkazi wina?"

"Wanena ndani zimenezo?"

"Zafika pagulu lathu la mapemphero. Akuti mkulu wa mpingo wokonza mafiriji wasiya kugona kunyumba."

"Achemwali, munthuyo dzuwa silimulowera ali kunja."

"Nanga mapemphero ukupemphawo ndi a chiyani? Longedza ubwere kuno udzapume, aone mmene nyumba yopanda mkazi imakomera."

"Sindikufuna kuwalanga. Ndikungofuna andiyang'ane."

"Akuyang'ane? Basi?" Achemwali anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe uli ndi mavuto a anthu okhuta."

Mwina ankanena zoona. Koma njala imene ndinali nayo ndinkaidziwa ndekha.

* * *

Madzulo a tsiku lomwelo amuna anga anabwera msanga kuchokera kumsonkhano wa akulu a mpingo. Anakhala pampando osavula nsapato, Baibulo lili pamiyendo, maso ali pakhoma. Ana anali kuseri akusewera.

"Lero andisanjika manja," anatero.

"Ndani?"

"Akulu onse. Ine ndimayesa tikukambirana za denga la tchalitchi. Ndinangoona andiikira mpando pakati, andizungulira, ayamba kudzudzula mzimu wosiya banja kuti utuluke mwa ine. Nditafunsa kuti ndalakwanji, wina anandionetsa foni." Anasisita Baibulo lija. "Mpingo wonse ukudziwa kuti m'nyumba mwanga mwazizira. Amene samadziwa ndine ndekha."

Mtima wanga unasweka. Munthuyu amadana ndi kuonekera, ngakhale zolengeza zapatchalitchi amaziwerenga akutuluka thukuta. Ndinamuona m'maganizo ali pakati pa anzake, manja awo ali pamutu pake, iye asakudziwa mlandu wake.

"Bambo, zimene mwaonazo si zimene ndinanena. Ndiloleni ndikuuzeni mawu anga enieni."

"Tipemphere," anatero, n'kutsetsereka pampando kugwada.

"Ayi."

Anatembenuka ngati wamva chilankhulo chachilendo. "Mukukana kupemphera, Mayi?"

"Sindikukana kupemphera. Mulungu zanga anazimva kalekale, ndipo sanatope nazo. Amene ndikufuna amve ndinu. Khalani pampando mundiyang'ane, ngakhale mundikalipire."

Kwa kanthawi ndinaona ngati adzuka. Kenaka zikope zija zinatsika, zinafinyika, ndipo anapemphera okha: "Ambuye, khululukirani amene amavula anzawo pagulu."

Sindinadikire ameni. Ndinapita kukhitchini, ndinatsegula mpopi kuti ana asamve, ndinalira mpaka mphuno kutsekeka.

M'mawa mwake palibe anagwada. Iwo anapempherera kubafa, ine ndinapempherera kukhitchini. Masiku anatsatana choncho, ndipo ndi pamene ndinazindikira kuti mkangano wathu wotsinzina uja, ngakhale unali wopusa, unali chingwe chomaliza chimene chinkatigwirizanitsa.

* * *

Loweruka m'mawa, amuna anga ali kosamba, foni yawo inawala patebulo. Sindinaigwire. Koma maso anga mukuwadziwa kale.

"M'bale wanga mwa Ambuye, musataye mtima. Si onse amadziwa kusamala mwamuna wofatsa. Firiji yanga nayo yayamba kulira, mukapeza mpata mudzaione. Tiyi adzakhalapo."

Unali uthenga wa Sopulano. Ndinauwerenga mpaka foniyo inazima yokha.

Lamulungu, anthu akutuluka m'tchalitchi, Sopulano anandipeza pamasitepe. Anandikumbatira, kafungo ka perefyumu wake n'kunditsalira pabulauzi.

"Mayi, zikuyenda? Inetu ndikusala kudya chifukwa cha inu."

"Zikomo. Koma idyani ndithu, mungadwale. Firiji ija yasiya kulira?"

Anaphethira kamodzi kokha, kenaka kumwetulira kunabwerera pamalo pake. "Ha, ndiye kuti bambo amakuonetsani mauthenga awo? Mapemphero akugwira ntchito."

"Mauthenga ena amadzionetsa okha."

"Musadandaule, mayi. Ine bambowa ndinawadziwa kale, inu musanabwere n'komwe mumpingo uno. Sachedwa kukhumudwa, ndipo akakhumudwa amafuna munthu womvetsa." Anandikonzera kolala ya bulauzi ngati ndine mwana wake. "Dzulo ndimacheza ndi amayi awo pafoni. Akudandaula kwambiri, mayi okalamba aja."

"Mwawauza chiyani?"

"Ine? Ndangowapempha kuti apemphere nawo."

Anatsika masitepe makiyi a galimoto akulira m'manja. Ine ndinatsala pomwepo ndikulimbana ndi mawu amene sayenera kunenedwa pakhomo pa tchalitchi.

* * *

Amayi abusa anandikokera m'kachipinda kosungira mipando n'kutseka chitseko.

"Mwana wanga, ndinakulakwira. Ndine ndinati zonenedwa muja zimathera muja, ndipo ndine ndinalekerera foni ija. Undikhululukire."

Ndinangogwedeza mutu, misozi ili m'maso. Kenaka ndinawafotokozera zonse, za thaulo, za nsapato, za "ena mwa ife". Ndinkayembekeza kuti adabwa, koma anaseka mpaka kugwira khoma.

"Ndiye ukuyesa ndinu oyamba? Ine abusa anakhalapo nyengo yathunthu akundilalikira paguwa. Ndikawapsetsa mtima Loweruka, Lamulungu ulaliki wonse unali wa mkazi wolongolola. Mpingo ukuti ameni, ine ndikudziwa kuti akunena za mkangano wa makatani."

"Munatani?"

"Ndinasamukira mpando wakutsogolo n'kumawayang'ana m'maso osaphethira, mpaka tsiku lina anasokoneza mavesi. Titafika kunyumba anati, chabwino, tiyankhule." Anapukuta misozi ya kuseka, nkhope n'kukhala ya ntchito. "Pemphero ndi labwino, usalisiye. Koma Mulungu si mtengatenga wa anthu ogona bedi limodzi. Moto wa pachibwenzi umayaka wokha, wa m'banja umafuna wosonkhezera."

"Nanga ndikamasonkhezera ndekha?"

"Wayang'ana bwino? Mwina mnzako akusonkhezera mbali imene iwe suyang'anako."

Nditafika kunyumba ndinapita pakona pamene pamakhala makina anga osokera, poti ine ndimasoka makatani. Pamwamba pa makinawo panali nyale yatsopano, yomangidwa kukhoma, yopindikira bwinobwino pamene pamagwera singano. Amuna anga anaiika dzulo lake ine ndili kumsika, m'kati mwa masiku omwewo amene sitinkayankhulana. Ndinakumbuka kuti mwezi wathawo ndinapemphera kuti, "Ambuye, maso anga akutha ndi mdima wa pakona paja."

Ndinayenda m'nyumba monse ngati mlendo. Chitseko cha kabati chimene chinkalendewera chinali chitamangidwa. Mpopi wa kubafa unasiya kudontha. Chigwiriro cha poto wanga wamkulu chinabwerera. Chilichonse mwa izi ndinachitchulapo ndili chogwada, ndipo mapemphero angawo ankayankhidwa ndi sikuludiraiva. Losayankhidwa linali la tsitsi lokha.

Ndinakhala pamakina paja, ndinayatsa nyale ija masanasana, ndipo ndinamukonda mwamunayo mpaka kundikwiyitsa.

* * *

M'mawa mwake ndinagwada ndine poyamba, n'kusiya dzanja langa pabedi, chikhatho chili m'mwamba. Ndinamva amuna anga akutsegula kabati, akutseka, akutsegulanso popanda chotenga. Kenaka maondo awo analira pambali panga, ndipo dzanja lawo lokhakhala linagwira langa.

"Atate wathu wakumwamba," anayamba. Anadukiza. "Atate... lero sindikudziwa chonena."

Kunja ana ankakanganirana sopo. Matenda anga aja anandigwira, ndipo ndinatsegula diso limodzi.

Diso lawo linali lotsegula, lofiira, lili pa ine.

"Iwe Kasuzumire," ananong'ona, "ndikakuneneza kwa abusa."

Ndinafuna kuyankha monga ndinayankhira kale, koma kuseka ndi kulira zinatulukira pamodzi. Tinakhala pansi pomwepo, misana itatsamira bedi, ngati ana amene abisala.

"Zija zinandipweteka," anatero.

"Ndikudziwa. Pepa. Ndinayenera kuyamba ndi iwe." Ndinadabwa kumva ndikumutchula mwamuna wanga kuti iwe, monga kale. "Koma ndikanayamba bwanji? Ndikangoti tiyankhule, umatsinzina."

Anayang'ana manja ake. "Ukukumbuka kuchipatala, utapita padera?"

Ndingaiwale bwanji? Anali woti akhale mwana wathu wachitatu. Tinabwerako ndi kachikwama ka zovala zimene sizinavalidwe, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso.

"Unandiyang'ana ngati ukufuna ndikuuze chifukwa chake," anapitiriza. "Ine ndimakonza zinthu, Kasuzumire. Munthu akandibweretsera chakufa ndimachitsegula, ndimapeza waya wopsa, chimadzuka. Chimene chija sindikanatha kuchikonza. Ndinati tipemphere kuti ndisaone maso ako. Zinandipepukira, ndiye ndinazolowera."

"Ine ndinkayesa unatopa nane."

"Kutopa nawe? Tsitsi lija ndinaliona usanalowe n'komwe pageti. Ndinakonza mawu, ndikuwatembenuza m'kamwa usiku wonse, m'mawa iwe n'kukandinenera kwa Mulungu. Ndikananena pamenepo zikanakhala ngati ndachita kutumidwa."

"Ukananena basi! Ngakhale wotumidwa amalandiridwa."

Anaseka, kuseka kwake kwenikweni kumene kumagwedeza mapewa, kumene ndinali nditakuiwala. Ndinaona kuti mpata ndi womwewu.

"Nanga firiji ya Sopulano?"

"Ndinamupatsa nambala ya mnzanga wina."

"Tiyi uja?"

"Akamwa mnzangayo, amakonda tiyi." Anandifinya dzanja. "Loweruka masana uli ndi chochita? Kuli kamalo kaja pafupi ndi siteji ya basi, kamene tinkagawana botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi. Kakadalipo. Ndikufuna ndikakufunsire."

"Pepani bambo, ndine wokwatiwa."

"Mwamuna wakoyo ndimamudziwa. Ndi wogona."

Tinagwadanso kuti timalize pemphero lija, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri linali lopita kwa Mulungu basi, lopanda thaulo, lopanda nsapato. Tinatchula ndi mwana uja amene sitinamuone. Titanena ameni, mwamuna wanga anandigwira chibwano.

"Kuyambira lero, pemphero lililonse, kaya ndi kuti, diso limodzi ndi lako. Ukasuzumira udzandipeza."

"Usalonjeze zimene sungathe."

"Udzandipeza," anabwereza.

* * *

Loweruka linachedwa ngati tchuthi cha mwana wasukulu. Ana tinawatumiza kukacheza kwa aneba. Ndinavala diresi yobiriwira imene inakhalitsa pansi pa sutikesi, ndinapaka milomo, ndinasaka nsapato nthawi idakalipo. Nditatuluka kuchipinda, mwamuna wanga anaimirira, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maso onse awiri ali otsegula.

"Wakongola," anatero. "Ndipo sindinatumidwe."

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaliza hutala pageti.

Inali galimoto ya Sopulano. Anatsika msangamsanga, anazungulira n'kukatsegula chitseko cha mbali inayo, ndipo munatuluka apongozi anga, ndodo patsogolo, nkhope ngati akubwera pamaliro. Kumbuyo kwa galimoto kunatsika masutikesi awiri aakulu ndi pilo wawo. Mlendo ndi mame, koma katundu ameneyu sanali wa munthu amene akamuke dzuwa likatuluka.

"Amayi!" anatero amuna anga. "Bwanji osaimba foni?"

"Nyumba ikamapsa, ozimitsa moto amayamba apempha chilolezo?" Anawagwira masaya n'kuwatembenuza uku ndi uku. "Taonani mmene waondera mwana wanga. Ndamva zonse. Pakanapanda mwana uyu kundiuza, bwenzi ndikumvera kwa anthu a mumsewu. Wachita kukanditenga kudepoti, Mulungu amudalitse."

"Ndi udindo wathu, amayi," anatero Sopulano modzichepetsa, sutikesi ili m'manja, akulowa m'nyumba mwanga ngati amadziwa kale pokaika.

Ndinagwada kuwalonjera. "Mwayenda bwanji, amayi?"

Anandiyang'ana diresi, anandiyang'ana milomo. "Ndayenda bwino. Inu mwatchena chonchi, ulendo wa kuti? Mwamuna wanu akuyenda chowerama mumpingo, inu muli pa milomo yofiira?"

"Amayi, ifetu timatuluka," anayesa amuna anga. "Ndipo zimene mwamvazo si mmene..."

"Mutuluka tikapemphera. Ine ndikhala pano mpaka nyumba ino itenthe, ndipo mwana uyu wadzipereka kuti azibwera madzulo aliwonse kudzatitsogolera nyimbo. Gwadani."

Ndinayang'ana mwamuna wanga. Anatsegula pakamwa, anayang'ana amayi ake, anayang'ana ndodo, n'kutsekanso. Anagwada.

Apongozi anatikonza okha mozungulira tebulo la pabalaza. Iwo anakhala pakati pa ine ndi mwana wawo, dzanja lawo lina litagwira langa, lina la iye. Dzanja lotsala la mwamuna wanga analitenga Sopulano, ndipo dzanja lake linalo anandipatsa ine kuti bwalo litsekeke. Zala zake zinali zofewa, zozizira.

"Tsinzinani," analamula apongozi, ndipo anayamba. "Ambuye, mukudziwa kuti ena mwa ife tinaona patali, koma sitinamveredwe..."

Ndinadziuza kuti palibe kanthu. Alankhule zonse zimene akufuna, masutikesi akhale, hutala azilira madzulo aliwonse. Ine ndili ndi lonjezo. Ndinapuma mwamphamvu n'kutsegula diso limodzi.

Zikope za mwamuna wanga zinali zofinyidwa, ngati mwana amene akuopa sopo. Ndinadikira. Ndinakhosomola pang'ono. Sizinagwedezeke.

Koma patebulopo panali maso ena otsegula. Sopulano ankayang'ana nkhope ya mwamuna wanga mosathamanga, kuyambira pa imvi za m'mbali mwa makutu mpaka pa kachipsera ka pachibwano, ndipo kayang'anidwe kameneko ndinakadziwa, chifukwa ndi kanga. Kenaka anatembenuza maso n'kukumana ndi anga. Sanaphethire, sanachite manyazi. Anandifinya zala pang'onopang'ono, anamwetulira, ndipo ndi mawu ake okoma aja anayankha apongozi mokweza kuposa tonse:

"Ameni."